Zomba m'chithunzi chimodzi chachitali: momwe ntchito ikuyendera

Epulo, chakumapeto

Ntchito imene ndayamba ndi yojambula zithunzi zitatu zazitali, zija amati panorama, kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba. Choyamba ndi cha pa Emperor's View, chachiwiri cha pa Queen's View, chachitatu cha ku Dzenje la Chingwe, kumene munthu amaponya maso m'chigwa cha Shire. Chilichonse ndikufuna chidzasindikizidwe papepala lotalika mamita awiri, choti munthu akayandikira athe kuloza denga la sukulu yake. Koma cholinga chachikulu n'choti chaka chamawa, ndi chaka chinacho, ndidzaime pamalo omwewo n'kujambulanso chimodzimodzi.

Phiri lathuli likusintha ife tikuona. Malo ena amene munali mitengo ya paini yowirira lero ndi zitsa zokhazokha. Nyanja ya Chilwa imapita n'kubwera: inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, mu 2018 inatsala pang'ono, ndipo namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023 madzi anafika m'minda ndi m'makomo mwa anthu. Tikamakambirana zimenezi aliyense amanena zimene akukumbukira, ndipo sitigwirizana. Ndikufuna pakhale zithunzi zojambulidwa pamalo amodzi, ndi lenzi imodzi, zoti tiziika pamodzi n'kuloza ndi chala.

N'chifukwa chake foni ndaiika pambali, ngakhale imajambula panorama yooneka bwino pa WhatsApp. Foni imasankha yokha kuwala, imasalaza yokha masamba a mitengo yakutali mpaka kusaonekanso, ndipo mzere wa m'chizimezime umapindika malinga ndi momwe dzanja lagwedezekera. Zimene yachita lero singazibwereze mawa.

Kamera ndi yomwe ndili nayo kale, Nikon D5300 yogula kwa munthu, mtundu umene unatuluka mu 2013. Chithunzi chake chimakhala cha mapikiselo 6,000 m'litali ndi 4,000 m'lifupi. Anzanga ojambula maukwati akhala akundilimbikitsa kuti ndifunefune ya full frame, ija ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaikulu. Pa ntchito yawo akunena zoona, poti iwo amalimbana ndi mdima wa m'maholo. Ine ndizijambula masana, kamera ili pa sitandi, ISO (muyezo wa momwe kamera imamvera kuwala) ili pa 100, ndipo mapikiselo ambiri ndiwapeza polumikiza zithunzi. Ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku sitandi yolimba, batire lachiwiri, ndi mafuta okwerera phiri tsiku limene kunja kwayera.

Pa nkhani ya lenzi ndinakhala pansi ndi pepala. Ndili ndi ya 18-55mm imene inabwera ndi kamera, ndi ya 35mm f/1.8. Pa kamera iyi ya 35mm imaona madigiri pafupifupi 37 mbali yaitali ndi 25 mbali yaifupi. Kamera ndiziimika choimirira kuti madigiri 37 aja akhale ochokera pansi kupita kumwamba. Potero thambo ndi udzu wapafupi zimalowa zonse, ndipo pamatsala pocheka. Ndikamatembenuza madigiri 15 pa chithunzi chilichonse, chimabwereza madigiri 10 a chinzake, ndiye kuti magawo 40 pa 100 alionse. Theka la bwalo, madigiri 180, lifuna zithunzi 12. Zikalumikizana zipereka mapikiselo pafupifupi 28,000 m'litali, amene papepala la mamita awiri ndi oposa 350 pa inchi. Zakwana ndi kutsala. Pa 18mm zithunzi zikanachepa ndi theka, koma nyumba za m'chigwa sizikanawerengeka, ndipo m'mphepete mwa lenzi imeneyo mumafewa. Komanso mphete yake ya zoom imasuntha ukangoigunda, masamu onse n'kusokonekera. Ndasankha 35mm.

Meyi, sabata zoyambirira

Imikani chala patsogolo pa nkhope, tsinzinani diso limodzi, kenako linalo. Chala chimadumpha poyerekeza ndi khoma. Kamera ikamazungulira pa bowo la pansi pake, lenzi imasuntha malo pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndiye udzu wapafupi umadumpha chimodzimodzi pamaso pa phiri lakutali. Palibe pulogalamu imene ingagwirizanitse zonse ziwiri. Ikakonza phiri, udzu umaduka. Ikakonza udzu, phiri limaduka. Mankhwala ake ndi kubweza kamera m'mbuyo kuti izizungulira pa kabowo kolowera kuwala, kaja mumakaona mukasuzumira kutsogolo kwa lenzi. Kukanakhala kuti zonse zili kutali, sindikanavutika nazo. Koma pamalo onse atatu pali miyala, udzu ndi nthambi zapafupi, ndipo ndikuzifuna m'chithunzimo chifukwa ndizo zidzandionetse pamene ndinaima.

Zipangizo za ntchito imeneyi zilipo, za Nodal Ninja kapena Manfrotto, koma ukaphatikiza mtengo wake, wotumizira ndi msonkho, ndi ndalama yogulira lenzi ina. Ndinajambula pulani papepala n'kupita nayo kwa bambo wina wowotcherera zitsulo pafupi ndi msika. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akuitembenuza.

"Ndiye kamerayo igona chammbali, achimwene?"

"Iima choimirira, bambo. Koma izitha kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo."

"Apo ndiye tisaboole bowo limodzi. Ticheke mpata wautali, mukamange nokha pamene mwakhutira. Ndipo chitsulo mwalembachi n'chopyapyala. Kuphiri kuja kuli mphepo, chizinjenjemera."

Anasankha okha fulati ba yokhuthala mamilimita asanu, n'kuwotcherera zidutswa ziwiri mwa L, ndi kachitsulo kena kochirikiza pangodya. Pamene pakhudze kamera anamatapo chidutswa cha chubu cha njinga kuti isamapotoke. Zinthu ziwiri zimenezi, mpata ndi chubu, pa pulani yanga panalibe, ndipo ndi zimene zachititsa kuti chipangizochi chigwire ntchito.

Amene angafune kupanga chake asamale ndi bawuti. Bowo la pansi pa kamera ndi la muyezo wa inchi, 1/4-20, pamene mabawuti ambiri a m'mahadiweya mwathu ndi a mamilimita. Ya M6 imayamba kulowa ngati ikukwana, kenako imalimba, ndipo woikakamiza amadya mathiredi a kamera. Yanga ndinachotsa pa sitandi yakale yothyoka.

Pa madigiri ndinatenga CD yakale, n'kulembapo mizere motalikirana madigiri 15 ndi protractor ya ana a sukulu, n'kuiika pansi pa mutu wa sitandi, kawaya kopindika kakuloza.

Malo ozungulirapo ndinawafufuza pabwalo kunyumba ku Matawale. Ndinazika nsungwi mita imodzi ndi theka kuchokera pa kamera, molunjika ndi polo ya magetsi yakutali. Pa sikirini, nditakulitsa, ndinkatembenuza kamera kuti nsungwi ipite kumanzere kwenikweni, kenako kumanja kwenikweni. Ikasiyana ndi polo, ndinkamasula bawuti n'kusuntha pang'ono. Pali malo amodzi pamene nsungwi ndi polo zimamatirirana osasiyananso, utembenuze motani. Pamenepo ndinakanda ndi msomali n'kupakapo kyutekisi wofiira.

Chotsala ndi levulo. Imaikidwa pa mbale imene imazungulira, osati pa kamera, ndipo kathovu kayenera kukhala pakati ukatembenuza mbali zonse. Mbale ikapendekeka, chithunzi choyamba chimaoneka chowongoka, koma pofika chachisanu nyanja yayamba kukwera phiri.

Meyi, chakumapeto

Emperor's View inatenga dzina kwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafika mu 1965, ndipo Queen's View, chapafupi pomwepo, kwa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957. Onse awiri anawatengera pamalo oyenera. Pansi pali tauni ya Zomba, imene inali likulu la dziko mpaka 1975, kumanzere Chilwa ndi chilumba cha Chisi, kutsogolo chigwa cha Phalombe, ndipo kumapeto kwake Mulanje, ndi Sapitwa wa mamita 3,002.

Malowa ayang'ana kum'mawa ndi kumwera, choncho m'mawa dzuwa limakhala kumaso. Nyanja imanyezimira, chigwa chimayera mbee, palibe choonekamo. Miyezi ino dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo likapendeka limakhala kumsana, n'kuwalitsa Mulanje mpaka makwawa ake kuoneka. Nthawi yabwino ndaipeza kuyambira cha m'ma hafu pasiti 2 mpaka cha m'ma 4. Kupitirira apo mthunzi wa phiri lathuli umayamba kukwawira tauni, ndipo theka la pansi limada thambo likadali lowala.

Chilichonse pa kamera ndachiika pa manual. Ikasiyidwa kuti izisankha yokha, imadetsa chithunzi chimene muli mtambo woyera n'kuwalitsa chimene muli nkhalango, ndipo polumikiza thambo limakhala lamawangamawanga. Ndimayamba ndatembenuza bwalo lonse ndikuyang'ana histogram, kachithunzi kosonyeza kuchuluka kwa malo owala ndi amdima, n'kupeza malo owala kuposa onse, amene nthawi zambiri ndi mitambo ya pamwamba pa Mulanje. Kuwala ndimakuika poti mitamboyo isapse, ndipo zithunzi zonse zimatsata pamenepo. Tsiku limene ndinajambula pa Emperor's View zinali f/8 (kukula kwa kabowo ka lenzi), ISO 100, liwiro pafupi ndi 1/320. White balance (mtundu wa kuwala) pa dzuwa, mafayilo a RAW, aja amene kamera sinawakonze.

Pa focus mabuku amati pa f/8 lenzi iyi ukailunjika pa mamita pafupifupi 8, zonse kuyambira mamita 4 mpaka kutali zimaoneka zakuthwa. Pachithunzi chaching'ono n'zoona. Cha mamita awiri anthu adzachiyandikira ndi mphuno, ndipo chimene adzafune ndi madenga a m'chigwa. Choncho ndimalunjika pa tauni, n'kuzimitsa autofocus, n'kumata mphete ndi tepi. Udzu wapafupi ukafewa pang'ono ndilibe nazo vuto.

Polarizer, kagalasi koika kutsogolo kwa lenzi, imakopa kwambiri kuno chifukwa imachepetsa kuyera kwa m'chigwa. Koma mphamvu yake imakula pa mbali ya thambo imene yatalikirana ndi dzuwa madigiri 90, n'kuchepa kwina. Pa madigiri 180 zimenezi zimabala chigamba chakuda pathambo chimene sichichoka. Imatsala m'chikwama.

Pojambula ndimagwiritsa timer ya masekondi awiri kuti dzanja lichoke kaye. Ndisanayambe mzere ndimajambula chikhatho changa, ndipo ndikamaliza ndimajambula chibakera, kuti kunyumba ndidziwe poyambira ndi pothera. Kumapeto konse kuwiri ndimaonjezera chithunzi chimodzi chapadera. Ndipo ukayamba usaime. Mithunzi ya mitambo imathamanga m'chigwa kuposa momwe maso amaonera, ndipo ukachedwa mudzi umodzi umakhala padzuwa m'chithunzi ichi, pamthunzi m'chinzake.

Juni, sabata zoyambirira

Polumikiza zithunzi ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Hugin. Ndi yaulere, ndipo maziko ake ndi Panorama Tools imene Helmut Dersch wa ku Germany anayamba mu 1998. PTGui nayo inayambira pa gwero lomwelo. Ndinayesa PTGui yongolawitsa: ndi yachangu, sivutitsa, koma imadinda dzina lake pachithunzi mpaka utalipira, ndipo kulipira kwake n'kwa ndalama zakunja, zimene aliyense akudziwa momwe zikusowera. Lightroom imalumikiza bwino mzere wosavuta, koma ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo ikakana kulumikiza sikupatsa pogwira. Hugin poyamba imaopsa, mabatani ali mbwee. Chimene chandikopa n'choti chilichonse chimene yachita imachionetsa, n'kusunga zonse m'kafayilo kakang'ono ka .pto. Chaka chamawa ndidzatsegula kafayilo kameneka n'kuona manambala enieni amene ndinagwiritsa ntchito.

Mafayilo a RAW amayamba adutsa mu darktable, pulogalamu yokonzera zithunzi. Ndimakonza chimodzi chapakati, n'kukopera makonzedwe omwewo pa zonse, osalola chilichonse cha auto. Zimatuluka ngati TIFF ya 16-bit, chilichonse pafupifupi 140 MB. Kunola ndi kukoleza mitundu kumadikira mpaka zitalumikizana.

Mtima wa ntchito yonse ndi ma control point, timadontho tosonyeza kuti mwala uwu m'chithunzi chachitatu ndi womwewu m'chachinayi. Hugin imatipeza yokha, mazanamazana, koma siidziwa chimene chimayenda ndi chimene chimakhazikika. Imaika ena pamitambo, ena pa nsonga za udzu zimene mphepo inali kugwedeza. A pamitambo imatha kuwachotsa ndi chida chake chotchedwa Celeste, komabe ndimadutsamo ndi maso, awiriawiri. Pa zithunzi za kunyanja ndi pamene panali ntchito. Pamenepo theka lakumwamba ndi thambo, pakati madzi, zonse zotuwa mofanana, ndipo pulogalamu inangopeza timadontho tochepa tounjikana pangodya imodzi. Ndinaika pamanja: pa nsonga ya Chisi, pa denga lamalata lonyezimira, pokhotera msewu wafumbi, pa mtengo woima wokha m'dambo. Madontho khumi omwazikana bwino kuchokera pamwamba mpaka pansi aposa makumi asanu ounjikana pamodzi.

Powerengera sindilola kuti ichite zonse nthawi imodzi. Ndimayamba ndi momwe chithunzi chilichonse chatembenukira, chaweramira ndi kupendekera. Zikakhazikika ndimaonjezera kukula kwa dera limene lenzi imaona, kenako nambala ya b, yokonza kutupa kwa mizere kumene lenzi imabweretsa. Pakati pa masitepe amenewa ndimayang'ana mndandanda wa madontho, n'kufufuta aja asiyana kwambiri, poti nthawi zambiri amakhala olakwika. Ndi chitsulo cha bambo aja, kusiyana kwatsikira pansi pa mapikiselo awiri. Tsiku lomwelo ndinajambulanso mzere wina pamanja kuti ndifananize: mapiri analumikizana bwinobwino, koma nthambi ya mtengo wapafupi inaduka pawiri, ndipo mwala wa kutsogolo unali ndi milomo iwiri.

Kuwongola m'chizimezime kumafuna nzeru kuno, chifukwa kulibe mzere wowongoka woti n'kuudalira. Mapiri ndi okwera ndi otsika, ndipo gombe lakutali la Chilwa limabisika mu utsi. Zimene zandithandiza ndi zinthu zoimirira: nsanja za mafoni ndi ngodya za nyumba zazitali za m'tauni. Ukaiuza Hugin kuti mzere uwu ndi woimirira, pamalo atatu kapena anayi otalikirana, chithunzi chonse chimawongoka chokha.

Kenako pamabwera funso la momwe bwalo lingagonere papepala lafulati. Njira zilipo zingapo. Ya rectilinear imasunga mizere yowongoka, koma ukapitirira madigiri 100 kapena 120 kumapeto kumakokeka moipa. Equirectangular ndi ya zithunzi za bwalo lathunthu zoonera pa foni uku ukutembenuza. Ya ine ndi cylindrical: zoimirira zimakhalabe zoimirira, ndipo digiri iliyonse kuchokera kumanzere kupita kumanja imatenga malo ofanana. Zimenezi n'zofunika pa cholinga changa, chifukwa munthu adzatha kuyeza ndi rula kuti malo odulidwa mitengo akula bwanji. Ndalemba kuti zaka zonse ikhale yomweyo.

Msoko weniweni umasokedwa ndi enblend, pulogalamu yobwera ndi Hugin, imene imafunafuna njira yodutsa mosaonekera, monga telala wabwino amabisira msoko m'maluwa a chitenje. Pathambo poyera ndi pamene imagwidwa, chifukwa lenzi iliyonse imadetsa ngodya pang'ono, ndipo zithunzi zikandandalikana pamaoneka mipanda yotuwa. Pa f/8 vutoli ndi lochepa kale, ndipo Hugin ikawerengera kudetsa kumeneku n'kukuchotsa, thambo limasalala. Panatsala minibasi imodzi pa msewu wa M3 imene inaoneka kawiri, poti inayenda pakati pa chithunzi ndi chinzake. Ndinaiphimba ndi mask m'chithunzi chimodzi, inatsala imodzi monga inalili.

Laputopu yanga ili ndi 8 GB, ndipo fayilo yomaliza imafika pafupifupi 1 GB. Magetsi akathima pakati pa ntchito, zonse zimayambiranso. Ndiye poyesa ndimatulutsa kakang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kukayendera kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Chachikulu ndimachiyamba batire litadzaza, mapulogalamu ena onse atatsekedwa. Mafayilo a RAW ali pa ma hard drive awiri, ina imakhala kwa achemwali anga.

Cha Emperor's View chatheka: mapikiselo oposa 27,000 m'litali ndi pafupifupi 5,400 m'lifupi nditacheka m'mphepete.

Julayi, chiperoni

Phiri lafunda chifunga, kukuwaza tsiku lonse. Palibe chokwerera.

Mlamu wanga, amene amapanga maposita ndi makalenda, anabwera kudzaona chithunzicho. Anachikonda, koma anaima pa malo ena kumanja kumene phiri lametedwa, pali zitsa ndi utsi wa uvuni wa makala.

"Alamu, apa ndikhoza kukudzaliranimo mitengo, mphindi khumi zokha. Ndi utsiwu tichotse. Anthu akagula chithunzi chopachika pabalaza safuna kuona zimenezi."

Ananenanso kuti m'malo mocheka m'mphepete, pulogalamu ikhoza kudzaza yokha thambo ndi udzu pamene pasowa, chithunzi n'kukula. Pa malonda akudziwa zimene akunena, ndipo sindimuweruza. Koma ndakana zonse ziwiri. Mitengo yodzalidwa pa kompyuta ikalowamo, chithunzi cha chaka chamawa ndidzachifananiza ndi chiyani? Wina akadzati pamenepa panali nkhalango, umboni wake udzakhala bodza langa. Lamulo limene ndadziikira ndi ili: ndikhoza kukonza kuwala, kuchotsa madontho a fumbi la pa sensa, ndi kuphimba chinthu chimene chaoneka kawiri chifukwa cha kulumikiza. Chimene chinalipo sindichotsa, chimene panalibe sindiikapo. Tinasiyana titagwirizana kuti ngati akufuna cha kalenda, ndidzamujambulira china ku damu la Mulunguzi kapena ku Williams Falls, kumene mitengo ikadalipo.

Julayi, chakumapeto

Kutayera ndinapita ku Dzenje la Chingwe. Msewu wake ndi wovuta, ndipo chitsulo chija chikulemera pamsana. Ndikuganiza zodzapangitsa china cha aluminiyamu. Akuluakulu amati kale m'dzenjemo ankaponyamo adani a mafumu, ena amati odwala khate. Lazunguliridwa ndi mitengo, ndipo masitepe ochepa kuchokera pamenepo phiri limathera pa phompho, chigwa cha Shire chili tambalale pansi.

Kuno zonse n'zotembenuka. Malowa ayang'ana kumadzulo, ndiye nthawi yake ndi m'mawa. Ndipo ndikufuna kuti mitengo ya padzenje ndi chigwa zikhale m'chithunzi chimodzi, pamene pansi pa mitengo pali mdima, m'chigwa muli dzuwa lowala kwambiri. Kuwala kumodzi sikungakwanire zonse. D5300 imatha kujambula zitatu motsatizana, chakuda, chapakati ndi chowala, ndipo ndinaziika motalikirana masitopu awiri (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri). Pamalo 12 ndiye kuti zithunzi 36 pa mzere umodzi. Hugin imaziunjika zitatuzitatu, enfuse, inzake ya enblend, n'kutenga mbali yooneka bwino ya chilichonse. Ndimaikonda enfuse chifukwa zotsatira zake zimaoneka monga maso amaonera, zopanda kunyezimira konyanya kuja kumene kumapezeka pa zithunzi zambiri za HDR, zija zophatikiza kuwala kosiyanasiyana.

Mdani kuno ndi mphepo. Imakwera phompho osapuma. Sitandi ndinaifupikitsa miyendo, n'kupachika chikwama chamiyala pakati mpaka chikhudze pansi kuti chisamalendewere, ndipo lamba wa kamera ndinamuchotsa. Kamera inakhazikika, koma masamba ayi. Pa zithunzi zitatu zija nthambi iliyonse ili pamalo atatu, ndipo zikaphatikizidwa pamaoneka mizukwa. Chimene chathandiza ndi kubwerera ku RAW yapakati yokha pa zithunzi za mitengo, n'kukweza mithunzi mu darktable. Pa ISO 100 sensa iyi imalola kukweza masitopu awiri popanda chipwirikiti chambiri. Mbali ya chigwa yatuluka bwino kwambiri, mtsinje ukuoneka. Mbali ya mitengo sinandikhutiritse.

Ndaonanso kuti madigiri 37 sakukwana kuno: phompho likuduka pansi. Pafunika mzere wachiwiri, kamera itaweramira pansi madigiri 25. Chitsulo changa chimangozungulira chammbali. Ndikaweramitsa mutu wa sitandi, malo ozungulirapo aja amasuntha. Ndabwerera kwa bambo aja ndi pulani ina, ya mkono wachitatu womangidwa pa bawuti imodzi molunjika ndi kabowo ka lenzi. Ati ndibwere ndi kamera yomwe kuti ayeze okha.

Ogasiti, pakati

Ndisanawononge ndalama pa pepala la mamita awiri, ndinadula zidutswa zitatu za chithunzi cha Emperor's View pa kukula kwake kwenikweni, n'kukazisindikiza pa A4: china cha tauni, china cha thambo pamene pali msoko, china cha mthunzi wa nkhalango. Tauni yatuluka yakuthwa, nyumba za ku Chirunga zikuwerengeka. Msoko sukuoneka. Koma mithunzi yada kuposa pa sikirini, monga zimakhalira kawirikawiri poti sikirini imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Ndaikweza pang'ono, ndipo fayilo yopita kosindikiza ndaiika mu muyezo wa mitundu wa sRGB. Pa mamita awiri m'litali, m'lifupi mukhala masentimita pafupifupi 40.

Cha Queen's View ndinajambula, chinalumikizana popanda vuto, koma sindichiwerengera. Moto wa tchire wayamba, utsi ndi fumbi zadzaza chigwa, ndipo Mulanje akungooneka mzukwa. Mayi wina wogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe, ataona ndikutsika ndi katundu, anandifunsa ngati ndapeza chimene ndimafuna. Nditawafotokozera anati, "Mwachedwa, bambo. Panopa mpaka Okutobala ndi utsi wokhawokha. Mudzabwere mvula yoyamba ikangogwa, m'mawa mwake. Mudzaona mpaka miyala ya ku Mulanje." Ndalemba zimenezo pa kalenda.

Pakadali pano ndikukonza kabuku ka malo. Pa malo alionse ndalemba manambala a GPS amene kamera imasunga yokha, kutalika kwa lenzi kuchokera pansi poyeza ndi tepi, mbali imene chithunzi choyamba chaloza pa kampasi, tsiku, ola, ndi makonzedwe onse a kamera. GPS imaphonya ndi mamita angapo, choncho ndajambulanso ndi foni miyendo ya sitandi pamene yaponda, ndi mtunda wochokera pa miyala iwiri yodziwika. Kupaka penti pamiyala ndakana. Malowa ndi a tonse.

Mmene zilili: cha Emperor's View chikupita kosindikiza mwezi uno ukamatha. Cha Chingwe chikudikira mkono wachitatu ndi m'mawa wopanda mphepo, ndipo ngati utsi ukhala utakula ndisanakonzeke, nacho chidikira mvula. Cha Queen's View ndi cha Novembala kapena Disembala. Nthawi imeneyo dzuwa lidzakhala likudutsa chakumwera, ndiye ola lojambulira ndiyenera kukaliyezanso pamalopo.